Matayala a Pikapu ya Maliro

Shurugwi
Okutobala, 2008

Okondedwa Malume Gracian,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Ntcheu, inu ndi amayi akunyumba ndi asuweni anga onse? Nanga mwendo uja unkakuvutani chichokereni mu mgodi, ukukulolani kupita kumunda? Tinamva kuti chaka chino munakolola bwino, ndipo tinathokoza Mulungu kuti mbali ina ya mbumba ikudya.

Kuno tilipo, koma kukhalapo kwake n'kwa dzina chabe. Zvakaoma, zinthu zavuta, monga amanenera anzathu a Chishona. M'masitolo mwatsala mashelefu okha, magetsi amabwera mwa apo ndi apo, ndipo kusukulu kwathu sindikuphunzitsanso chifukwa ana ndi aphunzitsi tonse tili pa mizere ya ufa. Kalatayi ndapatsira a Asha, mayi wa geni uja amayenda ulendo wa ku Lilongwe. Positi sindikuikhulupiriranso.

Alongo anu a Enala, amayi athu, sali bwino. Miyendo yatupa mpaka m'mawondo, ndipo akangoyenda kufika pampopi amapuma ngati akwera chitunda chija cha Boterekwa wapansi. Koma chimene chikuwadya masiku ano si miyendo ayi. Ndi chimene ndakulemberani kalatayi, ndiye khalani pansi muwerenge modekha.

Uthenga woyamba ndi wachisoni. Mnzanu wa pamtima uja, madala Domingo, amene munkalowa naye shifiti imodzi ku mgodi wa kuromu, anatisiya. Sanadwale n'komwe. Anapita ku Gweru kukaima pa mzere wa ufa, dzuwa la mwezi uno n'kuwagwetsa pomwepo. Pofika nawo kuchipatala anali atapita kale. Pepani kwambiri malume, ndikudziwa mmene munkakonderana.

Uthenga wachiwiri ndi wamanyazi. Banja lathu latulutsidwa mu sosaite ya maliro. Inde, sosaite yomwe ija munayambitsa inu ndi madala Domingo pansi pa mtengo kukomboni, kuti Mmalawi asamaikidwe ngati galu m'dziko la eni. Watitulutsitsa ndi mwana wanu Boston, mlongo wanga, chifukwa cha matayala anayi.

Mukukumbukira bwalo lafumbi lija kuseri kwa mulu wa dothi la mgodi wakale, kumene azungu ankathamangitsa galimoto, m'mbali mwa msewu wopita kumanda? Anyamata analiukitsa. Boston ali ndi chidatsani chake chimene anachitola pa sikirapu n'kuchikonza yekha, ndipo akachilowa amaiwala kuti ali ndi khosi lothyoka. Ine ndimawathandiza kugwira wotchi ndi kupaka penti. Musandiweruze, pamapeto amandipatsa kabotolo ka mafuta ophikira.

Chaka chonse kunalibe mpikisano chifukwa cha petulo. Ndiye kunatulukira bwana wina wa malole amene amatuta katundu ku mgodi watsopano wa pulatinamu. Anabweretsa migolo ya petulo, n'kulengeza kuti wopambana amulemba ntchito yoyendetsa galimoto yake, malipiro ake chakudya ndi marandi. Ntchito, malume! Chaka ngati chino! Kunabwera galimoto khumi ndi ziwiri, za ku Gweru, za ku Kwekwe, ina mpaka ya ku Munyati.

Kuti mumvetse mlanduwu ndiyenera ndikufotokozereni malamulo awo, ngakhale ndikudziwa kuti inu mumati zonsezi n'zachibwana.

Loweruka ndi tsiku loyesa liwiro. Aliyense amazungulira bwalo yekhayekha, ine ndikugwira nthawi. Amene wathamanga kuposa onse ndiye amayambira kutsogolo pa mpikisano wa Lamlungu, wotsatira pambuyo pake, choncho mpaka womaliza. Pa bwalo lafumbi kutsogolo ndiye zonse. Wapatsogolo amaona njira, apakati amadya fumbi, wakumbuyo kwenikweni amayendetsa ndi pemphero.

Ndiye pali lamulo la matayala. Amene wayesera liwiro Loweruka ndi omwewo uyambire nawo Lamlungu, kuopa kuti olemera angamavale ena lero, ena mawa. N'chifukwa chake ndimapaka chizindikiro cha penti yachikasu pa tayala lililonse. Ukabwera ndi tayala lopanda penti, sulowa mpikisano. Lamulo lina n'lakuti akamaliza kuyesa, galimoto zonse zimatsekeredwa mumpanda wa waya mpaka m'mawa, ndipo wotulutsamo kanthu kalikonse amabwezedwa kumbuyo kwenikweni kwa mzere. Tayala likaphulika lokha amakulola kusintha, koma umabwerera m'mbuyo malo asanu.

Matayala a Boston anali atatha mpaka waya kuonekera. Koma Loweruka limenelo anatulukira ndi anayi abwinobwino, malimu ake atapakidwa penti yakuda yatsopano. Nditamufunsa anati wabwereka kwa shamwari wake, mnzake wa ku Senga m'tauni ya Gweru. Ine mosadziwa ndinapaka chikasu changa pa onse anayi.

Mwana wanu anathamanga tsiku limenelo, malume. Chidatsani chija chinkadutsa pakona chopingasa, fumbi lili kobo, anthu ali m'mwamba. Anatenga malo oyamba. Wachiwiri anali Tadiwa, mnyamata wa ku Gweru, ndipo anasiyana pang'ono ngati kuphethira kwa diso. Ine ndinaimba nthungululu mpaka kukhosi kuuma. M'maganizo ndinaona kale mankhwala a amayi ali patebulo.

Dzuwa litapendeka, galimoto zonse zitatsekeredwa kale mumpanda, tinangoona a Matiyasi, wapampando wa sosaite, akutsika pa mulu uja ndi akuluakulu ena awiri, jekete lili paphewa, thukuta lili kamukamu. Sanapereke moni kwa munthu. Anangofunsa kuti mwana wa Enala ali kuti.

Pamenepo m'pamene ndinamva zonse ziwiri nthawi imodzi. Choyamba, kuti madala Domingo amwalira. Chachiwiri, kuti atapita kukatenga pikapu ya sosaite kuseri kwa holo, anaipeza itakhala pa njerwa, matayala onse anayi palibe. Makiyi ake amasunga ndi Boston, chifukwa ndiye amaikonza ndi kuiyendetsa pa maliro.

Kuchipatala anali atawauza kuti kunyumba yachisoni kulibe magetsi, abale atenge thupi tsiku lomwelo. Ndi kutentha kwa Okutobala, inu mukudziwa tanthauzo lake.

Ndinamuyang'ana Boston, iye akuyang'ana nsapato zake. Mukudziwa chimene anayankha? Anati Lachisanu anazungulira komboni yonse kufunsa ngati kuli wodwala mwakayakaya, ndipo atapeza kuti kulibe, anati abwereke mpaka Lolemba. Malume, wodwala m'komboni yonseyi anali mmodzi, amayi ake omubala. Ndiye kuti anawayang'ana ali gone pamphasa, n'kunena mumtima kuti awa afika Lolemba. Ndinatsala pang'ono kumugenda ndi chitini cha penti.

Wamkulu wa mpikisano ndi a Danai, bambo wa Chishona wa ku Munyati, munthu wofatsa koma wouma pa lamulo. A Matiyasi anawapempha kuti atsegule geti. A Danai anati geti atsegula, matayala ndi a eni ake, koma mnyamatayo adziwiretu mtengo wake. Akangotuluka mumpanda, malo oyamba apita, mawa ayambira kumbuyo kwa onse.

Apo m'pamene panayambira mkangano. Madalaivala onse anatizungulira, aliyense wasanduka loya.

Wina wa ku Kwekwe anati palibe vuto, matayalawo apite akanyamule maliro, abwere m'mawa ndi penti yawo. Si omwewo kodi? A Danai anavomera kuti lamulo la matayala silinathyoke pamenepo, koma anati la mpanda lathyoka, ndipo ndi lamulo lina palokha.

Ine ndinalephera kudzigwira. Ndinati lamulo la mpandalo analiika poopa kuti munthu angakonze galimoto mobisa kuti ithamange kwambiri. Nanga matayala opita ku Gweru ndi kubwera, m'maenje a msewu uja, atasenza bokosi ndi anamfedwa, abwera abwino kuposa mmene analili? Abwera otha! Ndiye Boston akubera ndani? A Danai anandimvetsera mpaka kumaliza. Anati ndanena zoona, koma lamulo silifunsa chifukwa chimene watsegulira geti. Anati akayamba kufunsa zifukwa, mpikisano wotsatira aliyense adzakhala ndi maliro ake.

Wina anati bwanji tingowatenga ngati matayala ophulika, apatsidwe chilango cha malo asanu basi. A Danai anati malo asanuwo ndi a tayala limodzi, ndipo awa ndi anayi, ndiye kuti malo makumi awiri. Wina kumbuyo anakuwa kuti galimoto zilipo khumi ndi ziwiri zokha, ndiye kuti Boston akayambira ku Gweru? Ena anaseka. A Matiyasi sanaseke.

Kenaka a Danai anati patsala khomo limodzi. Madalaivala onse akavomereza, popanda wokana ngakhale mmodzi, chilango chikhoza kukhululukidwa. Anayamba kuwafunsa mmodzimmodzi. Uyu avomera, uyu avomera. Anafika pa Tadiwa.

Mnyamata uja anavula kapu, n'kupepesa a Matiyasi mwaulemu wonse, anati nematambudziko, monga amapepesera maliro a Chishona. Kenaka anati ayi. Anati kwake ku Senga ana ake akugonera zipatso zakutchire, mkazi wake ndi woyembekezera, ndipo Boston akabwerera kumbuyo iye ndiye ayambira kutsogolo. Anati mutemo ndi mutemo, lamulo ndi lamulo, sanalilembe ndi iye. Ndinamuda nthawi imeneyo, ndinamutukwanira mumtima mpaka kwa agogo ake. Koma pano ndikaganiza za ana akewo, chidani chimandithawa.

Ndiye maso onse anatembenukira kwa Boston. Sipanala inali m'manja mwake. A Matiyasi analankhula motsitsa mawu, anati mwana wanga, maliro n'kulirana, masula manatiwo tizipita. Boston anapempha kuti adikire mpaka mawa masana, mpikisano ukangotha awabweza yekha. A Matiyasi anati thupi silidikira mbendera ya mpikisano.

Mukudziwa kuti mwana wanu akapsa mtima Chichewa chimamuthawa. Anayankha m'Chishona, mokweza, pamaso pa anthu onse aja. Anati sekuru Domingo apita kale, palibe chikuwapweteka, koma amayi ake ali moyo ndipo akufuna mankhwala. Anati akufa adikire amoyo.

Ngakhale a Chishona aja anagwetsa nkhope.

A Matiyasi akanatha kulamula kuti matayala achotsedwe mokakamiza, poti ndi a sosaite. Koma anati salimbana ndi mwana pa zinthu za maliro, ndipo Domingo sakwera pa matayala olandidwa ndi ndewu. Anavala jekete lawo, dzuwa lonse lija, n'kutembenuka. Ine ndinamukalipira Boston mawu onse amene ndimawadziwa, a Chichewa ndi a Chishona omwe. Anangokhala pansi n'kutsamira waya, wandipatsa msana.

Mukufuna kudziwa mmene mnzanu anabwerera kwawo? Anabwera pa lole ya makorokoza, anyamata okumba golide aja, atakulungidwa m'bulangete pakati pa matumba a miyala ndi mafosholo. Munthu amene sanaphonyepo maliro a Mmalawi aliyense kuchokera kuno mpaka ku Kwekwe, anamutsitsa ngati katundu, azimayi onse akuona. Polemba izi misozi ikundituluka.

Amayi ndinawabisira za Boston. Atamva kulira anafunsa kuti kwagwanji, ndipo nditawauza za madala Domingo anadzuka okha pamphasa. Anatenga mbale yawo ija ya mkombero wabuluu, n'kukokolola ufa wonse umene unatsala m'thumba, monga mwa mwambo wathu kuti nyumba iliyonse ipite ndi mbale yake kusiwa. Anaivundikira ndi kansalu koyera. Ndinawagwira mkono, tinayenda pang'onopang'ono, akupuma pa ngodya iliyonse.

Titalowa, azimayi sanasunthe pamphasa kuti atipatse malo. Mkazi wa malemu anayang'ana kukhoma. Amayi anadabwa, koma anapereka mbale yawo n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko. Posapita nthawi mayi wina wa sosaite anabwera ndi mbale yomwe ija, kansalu kake kosavundukula, n'kuiika pamapazi awo. Anati akuluakulu anena kuti ufa wa nyumba imeneyi usalandiridwe.

Malume, njala ngati ino, anthu kubweza ufa! Ndiye kuti mkwiyo wake ndi wotani?

Amayi anagwada ndi miyendo yotupa ija, anaomba m'manja, n'kunyamula mbale yawo. Tili m'njira anandifunsa kuti Dorah, talakwa chiyani? Ndinawauza zonse. Sanalire. Bola akanalira.

M'mawa mwake, Lamlungu, ndinalawirira kubwalo. Ndinamupeza Boston pomwe ndinamusiya, anagona pampanda pomwepo. Ulendo uno sindinakalipe, mphamvu zake ndinalibe. Ndinangomuuza za mbale, mmene inapitira ndi mmene inabwerera, ndi mmene amayi anagwadira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anadzuka n'kupita kwa a Danai.

A Danai anamufotokozeranso bwinobwino, ngati dokotala asanabaye jakisoni. Anati akatulutsa matayalawo n'kuwabweza nthawi isanakwane, ayambira kumbuyo. Akapanda kuwabweza ndiye kuti watuluka mu mpikisano, chifukwa matayala ake akale aja alibe penti. Boston anati wamva. A Danai anatsegula geti.

Amene anabwera ndi jeke kudzamuthandiza ndi Tadiwa yemwe uja. Nayenso zikuoneka kuti sanagone. Anauza a Danai kuti wasintha maganizo, tsopano akuvomera. A Danai anapukusa mutu, anati mzere unalengezedwa dzulo, chilolezo cha Lamlungu sichingakonze za Loweruka. Madzi akatayika saoleka. Boston ndi Tadiwa anakweza matayala pa wilibala ziwiri, n'kukankha onse awiri mpaka kuholo.

Pikapu inafika kusiwa bokosi likutuluka kumene m'nyumba. Boston anatsika, anatsegula chitseko chakumbuyo, n'kugwada pafumbi. Ndinati mumtima, Mulungu, afewetseni mitima. Koma a Matiyasi sanamuyang'ane n'komwe. Anauza anthu kuti amene anabwera pa lole ya miyala apita pamapewa a anzake.

Ndipo ananyamuladi, malume. Nkhalamba zija za zifuwa za mu mgodi, zikusinthana, kukwera chitunda cha kumanda dzuwa lili pamutu. Amayi anakakamira kuti apita nawo, ndiye ine ndi iwo tinali kumapeto kwenikweni. Kumbuyo kwathu kunali Boston, akuyendetsa pikapu yopanda kanthu pa liwiro la munthu woyenda pansi, chitseko chili chotsegula. Ndikacheuka ndinkaona penti yanga yachikasu ikuzungulira pa matayala. Ndinawapempha amayi kuti akwere. Anakana, anati galimotoyo si yathu.

Podutsa pabwalo paja galimoto zinali zitayamba kale kufola. A Danai anakweza dzanja, onse anazimitsa injini n'kuvula zipewa mpaka tinadutsa. Mumpanda munatsala chidatsani cha Boston chokha, chitakhala pa njerwa.

Kumanda sanamulole kugwira fosholo. Anaima patali, manja kumbuyo. Nthawi yobweza matayala inali ikanalipo, ndipo ndinamuona akuyang'ana dzuwa kamodzi. Koma sanasunthe. Dothi loyamba likugwera pa bokosi, tinamva injini zonse zikubangula kuseri kwa mulu, mpikisano wayamba. Anthu ambiri anacheuka. Iye sanacheuke. Mwambo utatha anapita kukaika makiyi a pikapu pamapazi a a Matiyasi.

Anapambana ndi Tadiwa. Ntchito ndi yake, ndipo wayamba kale.

Ine ndinkaganiza kuti akuluakulu aona kuti mwanayu wataya zonse, ndipo amumvera chisoni. Ayi ndithu. Anakumana mkati mwa sabata n'kugamula kuti nyumba ya Enala yatuluka mu sosaite. Osati Boston yekha, nyumba yonse, chifukwa mu sosaite timalowa ngati nyumba.

Ndinapita ndekha kwa a Matiyasi, ndinagwada pakhonde pawo. Anandilandira bwino, mpaka anandipatsa madzi. Anati za matayala n'zazing'ono, mwana amalakwa. Chachikulu ndi mawu aja. Anati sosaite yonse inamangidwa pa chinthu chimodzi, choti amoyo ndiwo amasiya zonse chifukwa cha akufa, ndiye munthu akanena pagulu kuti akufa adikire, iwo n'kungokhululuka, chatsala n'chiyani? Ndatopa nawo amuna a malamulo, malume, a kubwalo ndi a kukomboni omwe. Chondiwawa n'chakuti onse akalankhula umamva kuti sakunama.

Ndisanachoke anandiuza chinthu chimodzi. Anati mlandu umene akuluakulu atseka angautsegulenso ndi munthu amene anayambitsa sosaite. Munalipo awiri. Mmodzi tamuika uja.

N'chifukwa chake ndabwera kwa inu, mwini mbumba.

Boston salankhula ndi munthu. Wayamba kupita ndi makorokoza m'maenje a kuphiri, amachoka m'bandakucha n'kubwera ali mbuu, n'kuika pakhomo kalikonse kamene wapeza. Kuchipinda kwa amayi salowa, amangoima pachitseko. Ndimamukwiyirabe, sindikubisirani. Koma ndi mlongo wanga, ndipo anachita zopusazo akuganiza za mankhwala a amayi omwewo.

Amayi imfa sakuiopa. Anandiuza okha. Chimene amandifunsa tsiku ndi tsiku n'chakuti adzawasambitsa ndani, adzawaimbira ndani, manda adzakumba ndani. Chifikireni m'dziko lino ali mtsikana, palibe maliro amene sanapiteko ndi mbale ija. Inu mukudziwa kuti ife kuno tilibe mudzi. Anzathu a Chishona zikavuta amanyamula wodwala kupita naye kumusha, kumudzi kwawo, ife Amalawi mpaka lero amatitcha mabhurandaya, anthu obwera, ndipo mudzi wathu ndi sosaite basi. Akatitulutsamo ndiye kuti alongo anu adzapita ndi anthu awiri, ine ndi Boston, mwina pa wilibala ija.

Chonde malume, lemberani a Matiyasi. A Asha abwerera kuno akangogulitsa katundu wawo, muwapatsire yankho m'manja. Ngati mwendo ungalole, bwerani nokha, tidzaona mmene tingachitire za ulendo. Sindikupempha kuti mukanene kuti Boston sanalakwe. Analakwa, ndipo inunso mumukalipire mpaka makutu amuwawe, mnzanu ndi amene ananyozedwa. Amulipitse mbuzi, akumbe manda a aliyense chaka chonse, asadzagwirenso chiwongolero cha pikapu ija mpaka kalekale. Zonsezo tivomera.

Kubwalo kuja, ngakhale a Danai ouma mtima aja, munthu akatsegula geti amamubweza kumbuyo, samuthamangitsa. Ifenso tikupempha chomwecho. Atiike kumbuyo kwenikweni, tizikhala pachitseko, tizidya fumbi la anzathu onse, bola tikhale pa mzere.

Mbale ija ili pamwamba pa kabati, kansalu kake kosavundukula. Masiku ena timagona ndi madzi okha, koma amayi akana kuti ufawo tiphike. Dzulo ndinawakakamiza, ndinati mukufuna kufa ndi njala chakudya chili m'nyumba? Anandiyankha kuti ufa umenewo si wathu, ndi wa a Domingo, ndipo tsiku lina upita kumene unkapita. M'mawa uliwonse amandituma kuti ndiupepete bwino ndi kuuvundikiranso.

Mundiperekere moni kwa amayi akunyumba, kwa asuweni anga onse ndi ana awo, ndi kwa onse amene amatikumbukira kumeneko. Mulungu amene anakutulutsani wamoyo m'migodi ya kuno akusungeni, akupatseni mphamvu m'mwendomo ndi mawu oyenera m'kamwa.

Amayi akuti moni wambiri kwa mlongo wawo. Akuti ndikuuzeni kuti musachedwe, ufa suchedwa kufumbwa.

Ndine mwana wanu,
Dorah